Matabuleti m'kalasi ya ana 137: pomwe ndinapunthwa kuchigwa kuno

Tsiku limene galimoto inatsitsa makatoni a matabuleti pasukulu pathu, ndinalota masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinadziona nditakhala pampando pakhomo pa kalasi, ndikudzikupiza ndi kope, ana ali zii, aliyense maso ali pagalasi. Ndimaphunzitsa Sitandade 2 pasukulu ina pakati pa Ngabu ndi Bangula, ndipo m'kaundula mwanga muli mayina 137. Mphunzitsi amene anaimapo kutsogolo kwa chinamtindi chotere mwezi wa Okutobala, pansi pa malata opanda siling'i, sangandiseke kuti ndinalakalaka mpumulo. Kwathu ndi ku Ntcheu, kozizira, ndipo ngakhale ndatha zaka zisanu ndi zitatu kuchigwa kuno, thupi langa silinagwirizanebe ndi dzuwa la kuno.

Matabuletiwa anabwera kudzera mu pulogalamu ya Unduna wa Zamaphunziro yotchedwa BEFIT, yomwe inayamba mu 2023 ndi cholinga choti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu za boma aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa tabuleti, kuwonjezera pa zomwe timawapatsa pabolodi. Maphunziro ali mkatimo ndi a bungwe la onebillion, amayankhula Chichewa, safuna intaneti, ndipo magetsi otchajira ndi a sola. Kuyatsa, kuzimitsa ndi kulumikiza chaja tinaziphunzira tsiku limodzi. Zimene zinanditengera teremu yathunthu ndi zina, ndipo ndi zimenezo ndikufuna mnzanga amene makatoni angofika kumene kwawo azimve msanga.

Sabata yoyamba, pa mphindi 35 za phunziro, ana ankagwira tabuleti mphindi zosakwana 15. Zina zonse zinkathera pogawa. Ndinkaima pakati ndi katoni, ana onse atandiunjirira, manja m'mwamba, "Madamu ine! Madamu ine!" Wina walandira tabuleti koma alibe mahedifoni, wina wakoka mahedifoni awiri mawaya apiringizana, wina akulira poti mnzake wamuponda. Belu likamalira n'kuti ena asanayatse n'komwe.

Kalasi yanga imalandira matabuleti 70 pa nthawi imodzi, ndiye ndinagawa ana m'magulu awiri. Gulu lina limalowa, lina limatsala pansi pa mtengo wa nimu ndi mnzanga amene timagawana naye kalasi, akumaliza ntchito ya m'makope. Olowawo amakhala pamikeka m'mizere isanu ndi iwiri, ana khumi mzere uliwonse, ndipo pakati pa mizere pamakhala kanjira koti phazi langa lidutse. Mzere uliwonse uli ndi mtsogoleri wake. Iyeyo ndiye amabwera kudzatenga matabuleti a anzake, awiriawiri, atagwira ndi manja onse pachifuwa ngati khanda. Ine sindigawanso. Tabuleti iliyonse tinailemba nambala kumsana, mahedifoni akenso nambala yomweyo, ndipo mwana amakhala malo omwewo tsiku lililonse. Nambala 23 ikapezeka ndi mng'alu, sindifunsa kalasi yonse, ndimadziwa ana awiri amene amaigwira. Pano kugawa kumatenga mphindi zinayi. Atsogoleri ndimawasintha mwezi ndi mwezi, poti ukamusiya mmodzi nthawi yaitali amasanduka kamfumu, ayambe kulandira masau kwa anzake kuti awapatse tabuleti yowala bwino. Izi zinachitikadi.

Kulakwa kwanga kwakukulu sikunali kumeneko. Mwana akayatsa tabuleti, imayamba yamufunsa timafunso tingapo kuti idziwe pomwe ali, kenaka imamupatsa ntchito yolingana ndi msinkhu wa zomwe akudziwa. Ine ndi mtima wauphunzitsi uja wosafuna kuona mwana akulephera, ndinkati ndikaona wina akukanda mutu pa mafunso oyambawo, ndinkawerama n'kumulozera yankho. Ana anzeru nawonso ankasuzumira pa tabuleti ya mnzawo n'kumudinira. Zotsatira zake, tabuleti inkaganiza kuti mwanayo ndi katswiri, n'kumupatsa ziganizo pomwe iye sanasiyanitse "b" ndi "d". Mwanayo ankangodina chisawawa mpaka nthawi kutha, kapena kuvula mahedifoni n'kuyamba kugona. Ndinkati ndikumuthandiza, koma ndinkamunamizira kwa makinawo.

Anandizindikiritsa ndi mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 1, mayi wachikulire amene watsala pang'ono kupuma. Analowa tsiku lina kudzabwereka choko, anandiona nditawerama, n'kundinong'oneza kuti, "Achemwali, musiyeni alakwe. Chinthuchi chikufuna chimve kulakwa kwakeko." Ndinachita manyazi, poti mayiwa ndi amene tinkawaseka kuti sadziwa kutumiza uthenga pa WhatsApp. Kuyambira pamenepo lamulo loyamba m'kalasi mwanga ndi loti chala cha munthu chimakhudza tabuleti yake yokha, ndipo lamuloli limandimanganso ine. Mphindi zisanu zoyamba manja anga amakhala kumsana. Mwana akafunsa, ndimamuuza kuti adine pomwe pamabwereza mawu amverenso. Ndikathandiza, ndimathandiza pakati pa ntchito, ndipo ndimafunsa funso, sindipereka yankho.

Mpando uja ndinaulota sindinaukhalepo. Phunziro la matabuleti ndilo ndimayenda kwambiri kuposa ena onse. Kalasi ikakhala chete sizitanthauza kuti onse akuphunzira. Pali mwana amene mahedifoni ake sakumveka koma akuopa kunena, ndiye akungoyang'ana zithunzi. Pali amene wapeza kuti ukadina paliponse mwachangu zinthu zimasuntha, ndiye akuthamanga osamvera kanthu. Pali wina batire yamuthera, wangoigwira tabuleti yakuda bii kuti asaoneke. Onsewa ukakhala kutsogolo amaoneka ngati ana abwino. Umawagwira ukamayenda kumbuyo kwawo, maso ali pagalasi lawo osati pankhope. Ndimayenda ndi kakope kakang'ono, ndipo ndikaona ana asanu kapena asanu ndi mmodzi akukakamira pa chinthu chimodzi, monga maphatikizo a "nkh" ndi "ng'", kapena kuchotsera kobwereka, mawa lake ndimayambira pomwepo pabolodi. Mwa njira imeneyi ndinadziwa ana anga kuposa kale. M'kalasi ya anthu oposa zana, oyankha mokuwa amakhala khumi omwewo, ndipo ena onse amabisala m'mawu a anzawo poyankhira pamodzi. Pa tabuleti palibe pobisala.

Tsopano za dzuwa. Teremu yoyamba imayamba mu Seputembala, ndiye matabuleti anatipeza tikulowa m'miyezi imene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40. Poyamba ndandanda yathu inaika makalasi ena pa matabuleti cha m'ma 11 koloko, ndipo kabati yotchajira, yomwe ndi yachitsulo, tinaiika mu ofesi ya ahedi pakhoma loyang'ana kumadzulo chifukwa ndi komwe kunali chitseko cholimba. Masana khomalo limatentha ngati chiwaya. Ukatsegula kabati, mpweya wake unkakuomba kumaso ngati watsegula uvuni wa masikono. Matabuleti ankatuluka ali otentha kale, akafika m'manja mwa ana ena ankachedwa kuyankha, ena ankazima okha.

Tsiku lina mtsogoleri wa mzere anabwera n'kunena kuti, "Madamu, iyi ili ndi mimba." Kuyang'ana, kumsana kwa tabuletiyo kwatukuka, galasi layamba kunyamuka m'mbali. Batire inali itafufuma. Mabatire a lithium amene ali m'matabuleti ndi m'mafoni sagwirizana ndi kutchajidwa atatentha, ndipo akapitirira madigiri 45 amawonongeka msanga. Yofufuma sumaifinya kuti ibwerere, sumaibowola, sumaitchajanso, chifukwa ikhoza kuyaka. Tinaizimitsa, tinaiika payokha pasimenti kutali ndi mabuku ndi mapepala, n'kulemba lipoti kudzera kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'dera lathu. Mnzanga wina ankafuna kupita nayo kwa mnyamata wokonza mafoni pamsika, ndipo ndimathokoza kuti ahedi anakana. Katundu wa boma sutsegulitsa pamsika, ndipo ukatero umadzisenzetsa mlandu womwe sunali wako.

Tinasintha zinthu zitatu ndipo zonse sizinafune ndalama yochuluka. Kabati tinaisamutsira kukhoma la mkati, tinaisiyira mpata kumbuyo kuti mpweya uziyenda, ndipo pamwamba pake sitiikanso mulu wa makope. Ndandanda tinaikoka kuti makalasi onse amalize matabuleti isanakwane 10:30, zomwe zinatanthauza kuti ena ayambe belu loyamba likangolira. Chachitatu, tabuleti ikachoka m'manja mwa mwana siilowa pa chaja nthawi yomweyo. Timaziyala patebulo pamthunzi kanthawi kuti zipume. Wina anati tiziphimba ndi chitenje chonyowa monga timachitira ndi mtsuko wa madzi akumwa. Ayi ndithu, mtsuko ndi mtsuko.

Thukuta nalo lili ndi zake. Galasi la tabuleti silimva bwino chala chonyowa, ndiye mwana amalemba chilembo molondola koma makina amaona zina. Ndinkaganiza kuti ana ena sadziwa kulemba "a", chonsecho ndi thukuta. Pano aliyense amapukuta manja pa kansalu kopachika pakhomo asanalowe. Phala nalonso tinalisuntha kuti lizibwera matabuleti atatha, poti chala cha phala chikauma pagalasi chimasiya chikhakha chovuta kuchotsa. Popukuta magalasi timagwiritsa ntchito kansalu kofewa kouma, kapena konyowa pang'ono chabe, ndipo timayamba tauzira mchenga kuti uchoke. Fumbi la kuno lili ndi timchenga, ukapukuta mwamphamvu umakala galasi.

Fumbi lomwelo linatipusitsa pa sola. Chakumapeto kwa Okutobala matabuleti anayamba kucha osadzaza, ndipo tinayamba kunena kuti sola yafa. Sola ingafe bwanji kudziko kumene dzuwa ndilo chuma chathu chochuluka? Mlonda atakwera padenga anapeza mapanelo ataphimbika ndi fumbi ndi zitosi za mbalame, moti ukhoza kulembapo dzina ndi chala. Anatsuka ndi madzi ndi nsalu, mawa lake zinthu zinabwerera. Amatsuka m'mamawa mapanelo asanatenthe, kamodzi pa sabata nyengo yachilimwe.

Koma fumbi silinali lokha, ndipo apa ndiyankhule zoona ngakhale zikundikhudza. Ifenso aphunzitsi tinkabaya mafoni athu pamagetsi omwewo. Nyumba zathu zilibe magetsi, kutchajitsa pamsika ndi ndalama, ndipo apa pali sola ili phee mu ofesi. Zinayamba ndi foni imodzi ya ahedi, kenaka yanga, kenaka ya mkazi wa mlonda, mpaka tsiku lina tinapezamo tochi ndi kawailesi. Magetsiwo anawerengedwa molingana ndi matabuleti, ndiye chilichonse chowonjezera chimadya gawo la mwana. Tinakambirana pamsonkhano wa aphunzitsi, mawu anakwera, wina mpaka anati "ndiye tizingoyang'ana ngati nyama ya apongozi?" Pomaliza tinasonkha ndalama n'kugula kasola kathu kakang'ono ka mafoni. Makiyi a kabati ali ndi anthu awiri okha, ndipo pali kope lomwe timalemba chiwerengero cha matabuleti otuluka ndi obwerera, wotenga n'kusaina. Kuwerenga kumachitika ana asanatuluke m'kalasi, osati atapita.

Chimene chimafa msanga si tabuleti, ndi mahedifoni. Ana amatafuna waya akamaganiza, amakoka pochotsa, ndipo makoswe amamaliza zotsala. Ndinawaphunzitsa kugwira pamutu pa pulagi pozula, ndipo tikamaliza timakulunga waya momasuka n'kupachika mahedifoni pa chingwe chomwe tinamanga m'chipinda chosungira, osati kuwaunjika m'katoni. Nkhani ina ndi ya ukhondo. Ana ena amabwera ndi chipere kumutu, ena khutu likutuluka mafinya, makamaka amene amasambira m'madambo. Mahedifoni amapita pamutu wina kuchoka pamutu wina. Amayi a mother group ndiwo anatithandiza. Amabwera awiriawiri Lachisanu kudzapukuta mahedifoni ndi kansalu ka madzi a sopo kofinyidwa bwino, ndipo mwana amene ali ndi vuto la khutu kapena chipere timamupatula mahedifoni akeake mpaka atachira, tikuuzanso makolo kuti apite naye kuchipatala. Timachita mwakachetechete kuti anzake asamuseke.

Amayi omwewa anathetsanso mphekesera. Kumudzi kunamveka zoti matabuleti amajambula ana n'kutumiza nkhope zawo kunja, ena ankati amawononga maso. Makolo angapo analetsa ana awo kubwera. M'malo molemba kalata, tinaitana a mfumu, a komiti ya sukulu ndi makolo Loweruka lina, tinawakhazika pamikeka, n'kuwaveka mahedifoni. Agogo ena aamuna amene sanapiteko kusukulu analemba chilembo choyamba cha dzina lawo ndi chala, makina n'kuwayamikira. Anaseka mpaka kutsokomola. A mfumu ataimirira anati, "Aphunzitsi, zinthuzi ndi za mudzi uno, wakuba akabwera wabera ife." Kuyambira pamenepo mudzi umathandiza kulipira mlonda.

Pali nkhani ya chiyankhulo yomwe anzathu a kumtunda sangaiganizire. Ana anga ambiri kunyumba amayankhula Chisena, ena Chimang'anja. A Chimang'anja savutika kwenikweni, koma mwana wa Chisena amene sanayendepo amamva Chichewa cha pa tabuleti ngati mmene ine ndinkamvera Chisena nditangofika, mawu ena odziwika, ena ongodutsa. Iye amati "pinthu", makina akuti "zinthu". Panali kamtsikana kena kochokera kumidzi ya kufupi ndi Shire, kachete kwambiri, kamene kwa masabata atatu kankangogwira tabuleti osadina. Ndinkayesa kuti n'kamantha. Nditagwada pambali pake n'kufunsa, kanayankha motsitsa m'Chisena kuti, "Nkhabe kubva," kutanthauza kuti sikakumva. Sikuti mahedifoni anali owonongeka. Samamva malangizo: "sankha", "kokera", "fananiza", "dina".

Ndinatenga masiku awiri opanda tabuleti n'kuphunzitsa mawu a malangizo okhawo pogwiritsa ntchito miyala, zitsekerero za mabotolo ndi manja. Ndikati "kokera", aliyense akoke mwala wake pamkeka. Ndikati "fananiza", aike zitsekerero zofanana pamodzi. Ana odziwa zinenero zonse ziwiri ankamasulirira anzawo, ine n'kumaphunzira nawo. Masiku awiri amenewo ndinkaona ngati ndikutaya nthawi ya matabuleti, koma ndi amene anatsegula khomo kwa ana pafupifupi makumi awiri. Kamtsikana kaja teremu yachitatu kanawerenga kankhani kathunthu ka pa tabuleti mokweza, mahedifoni ali kumutu, osadziwa kuti kalasi yonse ikumva. Chaka chino ndayamba ndi masiku awiri amenewo ana asanaone n'komwe tabuleti, ndipo ndikanakonda wina akanandiuza izi poyamba.

Ndisanamizire kuti zonse zili bwino. Mwana amene wagona ndi njala, kapena amene wadya nyika yokha kunyumba, amasinza ndi tabuleti m'manja monga amasinzira pa bolodi. Amene wapita kukathandiza makolo kutola thonje kapena kuweta mbuzi, tabuleti siimutsatira kumunda. Ndipo mwana wodziwa kulemba ndi chala pagalasi ayenerabe kugwira pensulo, ndiye zomwe waphunzira m'mawa ndimafuna ndizione m'kope tsiku lomwelo.

Chotsala ndi madzi. Aliyense wa kuno amakumbukira anamondwe aja, Idai mu 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Nthawi ya Freddy matabuleti anali asanabwere, koma ndinaona zomwe madzi anachita ndi mabuku athu omwe anali pansi m'makatoni, ndipo makalasi athu anasanduka malo ogona a mabanja othawa kwa masabata angapo. Choncho makatoni atangofika, funso langa loyamba kwa ahedi linali lakuti madzi akabwera tidzathawira nawo kuti. Tinagwirizana nyengo ya mvula isanayambe. Kabati ili pa nsanja ya njerwa yofika m'chiuno. Tinasunga mapepala apulasitiki aakulu ndi zidebe zokhala ndi zivindikiro. Tinapempha malo kutchalitchi china chomwe chili pamtunda, tinalemba mayina a anthu asanu ndi mmodzi odzanyamula, ndi mwini ngolo amene anavomera kubwera ngakhale usiku. Tinauzananso kuti tabuleti ikanyowa osaiyatsa kuti uone ngati ikugwira, osaiika pa chaja, osaiyanika padzuwa la kuno. Kuipukuta, kuiika pamthunzi podutsa mphepo, n'kudziwitsa oyenera.

Kuchigwa madzi sadikira kuti mvula igwe pamutu pako. Ikagwa kumapiri a Thyolo ndi Mwanza, ife timangoona mitsinje yadzaza kumwamba kuli nyenyezi. Usiku wina mu Febuluwale mlonda anagogoda pazenera panga cha m'ma 1 koloko. "Madamu, dzukani, mtsinje ukulira." Tinakumana ku ofesi ndi matochi, ine, ahedi, mlonda ndi anyamata atatu a m'mudzi. Tinazimitsa magetsi a sola, tinakulunga matabuleti khumikhumi m'mapulasitiki n'kuika m'zidebe, ahedi akuwerenga mokweza ine ndikulemba m'kope lija. Ngolo inafika ng'ombe zikukana kuyenda m'matope. Pofika kutchalitchi n'kuti kukuyera.

Madzi anafika pabwalo la mpira n'kubwerera, sanalowe m'kalasi ngakhale imodzi. Anyamata aja anatiseka kuti tawadzutsira pachabe, ndipo tinawagulira tiyi ndi mandasi. Patatha masiku atatu tinabweza zidebe, tinawerenganso, zonse zinakwana kupatula mahedifoni amodzi, nambala 41, omwe anapezeka sabata yotsatira ali m'khosi mwa mwana wa mwini ngolo, akuweta ng'ombe.